Khoswe Wopanda Kwawo mu Mzinda wa Mpanipani

Padangokhala, koma osati mwachisawawa ayi, pakuti tsiku lake ndi lodziwika. Lidali Lolemba, pa 13 Okutobala, pakati penipeni pa chilimwe, patapita masiku asanu ndi anayi mvula ya chizimalupsa itawaza n'kuleka. Kumwamba kudalibe mtambo ndi umodzi womwe, nyenje zidayamba kulira dzuwa lisanakwere, ndipo kamvuluvulu adadutsa kawiri pabwalo la khonsolo ya mzinda wa Mpanipani nthawi isanakwane 9 koloko m'mawa. Pa tsiku limeneli a Meya a mzindawo, olemekezeka a Mvuu, sadasambe.

Kusasamba kwawo sikungamveke tisanafotokoze za chiwerengero cha nzika. Mzinda wa Mpanipani udayamba ndi nzika imodzi, Njiri, amene adakhala pamphambano ya misewu iwiri n'kumawotcha chimanga chogulitsa. Chaka chotsatira adaitana mlamu wake kuti adzamuthandize kukupiza moto. Mlamuyo adaitana mlamu wake. Kalembera woyamba adapeza nzika 14, ndipo aliyense mwa iwo adali mlamu wa wina. Kenaka dambo lina lidaphwa, achule 600 adafika mikeka ili pamutu. Afisi adabwera atamva kuti kutauni kuli ntchito yoitanira minibasi, imene munthu amaloledwa kukuwa tsiku lonse. Anyani adabwera ndi tomato. Abakha adatsegula malo ochapira zovala. Linthumbu lidalowa masana amodzi, lokwana 40,000, ndipo mlembi adalilemba ngati banja limodzi kufikira litamuluma. Pamenepo adaliwerenga bwinobwino. Kamba adanyamuka kwawo mzinda usanayambe, akungofuna kudutsa, ndipo adafika utadzaza kale. Adafunsa amene adamanga zonsezi panjira yake, sadayankhidwe, nakhala.

Pa kalembera wachisanu ndi chiwiri nzika zidakwana 96,412. Pa khumi zilizonse, zitatu zokha ndizo zidabadwira momwemo. Zisanu ndi ziwiri zidachita kutsika lole padepoti. Koma mpopi wa madzi udali umodzi womwe uja adaika Njiri.

A Mvuu ankasamba ndowa makumi anayi m'mawa uliwonse, m'thanki yodulidwa pakati imene idali kuseri kwa ofesi yawo. Lolemba limenelo ndowa zawo zidaima pamzere kuyambira m'bandakucha, ndipo pofika 9 koloko zidali pa nambala 3,207. Khungu lawo lidayamba kuchita ming'alu. Adaitanitsa khonsolo nthawi yomweyo.

Woyamba kuimirira adali mayi Nkhanga, khansala wa dera la kumsika, amene sankadziwa kulankhula motsitsa.

"Olemekezeka a Meya, vuto si mpopi. Vuto ndi obwera. Lole iliyonse ikutsitsa obwera, ndipo wobwera aliyense ali ndi mlamu. Ife mbadwa tikusowa pokhala mumzinda wathu womwe."

"Tsono titani, mayi Khansala?" adafunsa a Meya akudzikanda pachipupa.

"Lamulo. A Nungu, lembani."

Nungu adali mlembi wa khonsolo, ndipo adapatsidwa udindowo chifukwa ankayenda ndi zolembera zake kumsana. Adazula munga umodzi, nauviika mu inki.

"Aliyense wokhala ndi kwawo apite kwawo pofika Loweruka masana," adatero mayi Nkhanga. "Otsalawo ndiwo mbadwa, ndipo mzinda ndi wawo."

"Ndilembe chomwecho, mayi?"

"Chomwecho. Osachotsa, osawonjezera."

A Meya adadinda ndi phazi lawo, ndipo tebulo lidathyoka mwendo umodzi. Panja, otsatira a mayi Nkhanga adayamba nyimbo imene idamveka sabata yonseyo. Idali ndi mzere umodzi wokha, wouza aliyense kuti atenge mkeka wake alondole njira imene adadzera; mayi Nkhanga ankatsogolera mokweza, gulu n'kumavomera, ndipo pothera pake ankaomba m'manja kawiri n'kuloza kudepoti. Ambiri mwa oimbawo adali atatsika lole chaka chomwecho.

"Dzina loyamba pamndandanda wa ochoka," adapitiriza mayi Nkhanga, "ndi Khoswe. Ameneyu tonse tinamuona akutuluka m'thumba la chimanga padepoti."

"Nanga apita kuti, mayi?" adafunsa Nungu. "Ndimamva kuti anabadwira m'thumbamo lole ikuyenda."

"Abwerere m'thumba. Iye, mkazi wake ndi ana onse. Tidzalimanga pakamwa n'kuliponya pa lole iliyonse imene idzayambe kunyamuka."

Khoswe ankakhala kudenga kwa depoti ndi mkazi wake ndi ana khumi ndi mmodzi, woyamba dzina lake Nyenyeswa. Mkaziyo adabadwira kudenga komweko. Makolo ake adafika m'bokosi la tomato ali m'tulo, ndipo sadadziwe konse kumene bokosilo lidachokera. Ntchito ya Khoswe, imene adadzipatsa yekha, idali yoyendera matumba onse otsika pa lole, kuwerenga zolembedwa pamwamba pake ndi kulawa zam'kati. Ana a mumzindamo ankamutcha Wopanda Kwawo, ndipo mu Mpanipani mudalibe chitonzo choposa chimenechi.

Uthenga utafika kudenga, mkazi wake adamvetsera mawu a lamulo kawiri.

"Bambo a Nyenyeswa, lamuloli likunena wokhala ndi kwawo. Ife kwathu tilibe. Thamangani mukawauze."

"Ndikawauza lero, amake Nyenyeswa, alikonza mawa, ndipo thumba likhala lomwelo."

"Tsono tingokhala?"

"Inu simukhala pakhonsolo, simukudziwa mwambo wawo. Lamulo likagona m'buku masiku anayi limauma, ndipo likauma palibe wolikhudza koma mbadwa zokha. Lisiyeni ligone. Ine ndikawapezera zochita."

Lachiwiri, pa 14, Khoswe adafika pakhonsolo atapesa ndevu, nagwada pakhomo akuomba m'manja.

"Ukufuna chiyani, iwe?" adafunsa a Meya, amene adali asanasambebe.

"Ndabwera kudzathokoza, bwana."

"Kuthokoza chiyani?"

"Thumba. Ena amathamangitsidwa wapansi."

A Meya adayang'ana mayi Nkhanga. Mayi Nkhanga adayang'ana Nungu.

"Chikundidetsa nkhawa ndi chimodzi," adatero Khoswe. "Ine ndikudziwika. Koma enawa? Obwera ndi ochenjera, bwana. Amavala ngati mbadwa, amayenda ngati mbadwa, ena amaimba ndi nyimbo za mbadwa. Kodi mukadzakweza pa lole mbadwa yeniyeni molakwitsa, wobwera n'kutsala akusamba madzi anu?"

"Zimenezo ayi," adatero a Meya.

"Ine sindinaphunzire. Ndimangomva akuluakulu akunena kuti munthu kwawo ndi kumene kunakwiriridwa mchombo wake."

"Ndimafuna kunena zomwezo," adatero mayi Nkhanga. "Mawa aliyense adzaonetse mchombo wake ndi pamene chingwe chake chinakwiriridwa. Wolephera, lole."

Lachitatu, pa 15, kudatentha kuposa Lachiwiri. Nzika zidadzaza bwalo, nyimbo ija idaimbidwa kasanu ndi kawiri, ndipo Nungu adatsegula buku. Khoswe adakweza dzanja.

"Pepani, akuluakulu. Ulemu umati mtsogoleri ayambe, ife tionere m'mene amachitira."

Mayi Nkhanga adakwera pa benchi, natukula nthenga za pamimba. Adayang'ana kumanja, adayang'ana kumanzere. Abakha awiri ochapa zovala adabwera kudzathandiza kufunafuna, ndipo adafika mpaka kumsana.

"Mayi Khansala, kapena unagwa panjira?" adafunsa Khoswe. "Titume wina akauyang'ane kumsika?"

"Awa anabadwa m'dzira," adatero Chule wamkulu, amene adali mtsogoleri wa kwaya ya achule. "Ngati ife."

"Dzira la m'tauni," adayankha mayi Nkhanga.

"Chigoba chake chili kuti, mayi?"

Pamenepo mbalame zonse, achule, abuluzi, Kamba ndi linthumbu lonse adayamba kudziyang'ana pamimba, ndipo phokoso lidakula. Buku la Nungu likunena kuti opanda mchombo adapezeka 68,950. A Meya adati iwo mchombo ali nawo, kungoti adauona komaliza zaka khumi ndi chimodzi zapitazo chifukwa cha kukula kwa mimba. Nungu adakwawira pansi pawo kuti akatsimikize, koma adaiwala kugoneka minga yake. A Meya adalumpha, nagwera pa benchi ya mayi Nkhanga, ndipo mayeso a mchombo adathetsedwa nthawi ili 11:40.

Fumbi litatsika, Khoswe adayandikira a Meya.

"Mayeso aja anali achimidzi, bwana. Mbadwa ya m'tauni imadziwika ndi miyendo. Imadziwa mzinda wake monga lilime lidziwira mano. Inu, mwachitsanzo, kuchoka pano kukafika kudepoti, simungatseke ndi maso omwe?"

"Ndingatseke," adatero a Meya, amene kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi sadayendepo wapansi. Ankangokhala kumbuyo kwa galimoto, Fisi akuyendetsa.

Lachinayi, pa 16, kudali mphepo yotentha yochokera kumpoto. Nyimbo idaimbidwa katatu kokha, pakuti oimba ankasunga mpweya. Nthawi ili 10 koloko Nungu adaliza wenzulo, ndipo mzinda wonse udanyamuka ulendo wa kudepoti. Afisi oitanira minibasi adafika m'mphindi zinayi. Nyani adafika m'mphindi zisanu ndi imodzi dengu la tomato lili pamutu, atagulitsa milu iwiri panjira. Khoswe adadzera m'ngalande, nafika m'mphindi zitatu, koma adadikira pansi kuti asachititse manyazi akuluakulu. Mayi Nkhanga adapeza mpanda wa waya, ndipo adathamanga m'mbali mwake uku ndi uku, uku ndi uku, osaona chipata chimene chidali chotsegula. Pomaliza adatulukira pabwalo la khonsolo pomwe adayambira, nalengeza kuti afika oyamba. A Meya adakhotera kumanzere pamene adayenera kukhotera kumanja, nalowa m'kanjira ka pakati pa nyumba yometera ndi tchalitchi cha achule, ndipo adapanikizika pomwepo, mutu kudepoti, mchira kukhonsolo. Adatulutsidwa nthawi ili 3 koloko ndi mafuta ophikira okwana zigubu ziwiri, linthumbu likukoka kutsogolo, anyani akukankha kumbuyo. Onse owathandizawo adali obwera. Kamba nayenso adanyamuka pa wenzulo, ndipo adafika kudepoti pa 2 Disembala.

Mayeso a miyendo adathetsedwa. Mayi Nkhanga adakhala pansi akupuma mwawefuwefu.

"Mawa kulibe mayeso. Timadziwana nkhope. Tiyamba ndi Khoswe, enawo tiziwaloza."

"Mayi Khansala," adatero Nungu, "lero ndi tsiku lomaliza loti mawu a lamulo asinthidwe. Kodi ndikuwerengereninso?"

"Ndathamanga tsiku lonse, ndiye mukufuna ndimvetserenso zowerenga? Tsekani bukulo."

Nungu adatseka buku, ndipo lamulo lidagona tsiku lake lachinayi.

Lachisanu, pa 17, kudacha bata, mphepo yaleka. Thumba lidayalidwa pakati pa bwalo, chingwe chili pambali. Khoswe adafika ndi banja lake lonse, ana atandondozana potsata kubadwa kwawo. Nyimbo idaimbidwa mwamphamvu, ndipo zala zonse zidaloza thumba m'malo mwa depoti.

"Lowani," adatero mayi Nkhanga.

"Tilowa, mayi. Koma munthu sachoka pamudzi osatsazika. Ngakhale nkhuku yogulitsidwa imalira pachipata."

A Meya adavomera ndi mutu. Nungu adatsegula buku, popeza mwambo wa khonsolo udali wakuti mawu onse olankhulidwa pabwalo alembedwe, ngakhale kuyetsemula.

Apa pafunika kufotokoza chinthu chimodzi. Mu Mpanipani mudalibe manda. Nzika ikamwalira, anansi ankagona pamaliro, m'mawa mtembo n'kukwezedwa pa lole kupita kumudzi, ngakhale kukhale kutali bwanji. Kuyambira nthawi ya Njiri padalibe ndi mmodzi yemwe amene adaikidwa m'tauni, pakuti kuikidwa m'tauni kudali kuvomera kuti ulibe abale.

Khoswe adapukuta m'maso ndi mchira.

"Akuluakulu, ndikupita ndi mtima woyera. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti wopanda kwawo ndine ndekha. Sabata ino yanditonthoza. Ndadziwa kuti inunso, mbadwa, kwanu mulibe. Ndife amodzi. Khirisimasi ikafika, mulibe kokwerera basi. Mukadwala, palibe azakhali okutumizirani mizu. Ana anu akafunsa mfumu yawo, mumaloza a Meya."

Pabwalo padayamba kumveka kung'ung'udza.

"Ndipo tsiku lija likadzafika, pepani kutchula, lole idzakutengerani kuti? Ine ndikudziwa kale, adzanditaya kudzala. Pempho langa ndi limodzi. A Meya akadzatsatira, mudzawaike pafupi ndi ine, mbali ya makoko a nthochi. Pamafewa pamenepo. Tizidzacheza."

A Meya adaimirira pang'onopang'ono, mafuta adzulo akunyezimirabe m'nthiti.

"Ine kudzala? Iwe kamwana, ukudziwa amene ukulankhula naye? Ine ndine wa kwa Thamandalakuda, mfumu yathu Mkonono. Agogo anga agona kumeneko, ndi agogo awo omwe. Malo anga anasungidwa kale, pakati pa atsibweni ndi mtengo wa mkuyu."

"Thamandalakuda?" adatero Khoswe. "Sindinamvepo, bwana. Kumakhala anthu?"

"Mabanja makumi atatu. A Nungu, lembani, kamwanaka kadziwe."

"Ndikulemba, bwana."

Mayi Nkhanga adaseka mokweza.

"Thamandalakuda ndi mudzi umenewo? Matope okhaokha. Mukafuna kuona mudzi pitani kwathu kwa Mapirasatha. Nkhokwe za mayi anga zilipo zisanu ndi imodzi. Ife tikamwalira amalira midzi inayi."

"Inayi, mayi?" adafunsa Khoswe. "A Fisi anandiuza kuti kwanu maliro amalira awiri okha, wina n'kumathandiza kukumba."

"Fisi angadziwe chiyani, wa kwa Fupalatsala?"

"Kwa Fupalatsala kwatani?" adakuwa Fisi. "Kwathu ndi kumene kunayambira kuseka."

Kuchokera pamenepo Khoswe sadafunikenso kulankhula. Nyani adakwera pamtengo wa mbendera kuti atchule kwa Thanthwelotentha onse akumva. Achule adatchula kwa Matopeambiri moimba, m'mawu anayi. Abakha adakangana okhaokha pa za malire a midzi yawo iwiri. Njiri, woyambitsa mzinda, amene adali atakalamba kwambiri, adagwada pakati pa bwalo natchula kwa Gwadani, ndi mayina a mafumu ake asanu ndi atatu motsatana. Linthumbu lidatchula mudzi umodzi, koma aliyense payekha. Ndipo atatu aja pa khumi alionse, obadwira mu Mpanipani momwemo, amene sadaonepo mudzi ndi maso, ndiwo adakuwa koposa onse, aliyense kutchula mudzi wa makolo ake, ena akuloza kum'mawa pamene mudziwo uli kumadzulo. Padalibe amene adafuna kugona pa makoko a nthochi.

Nungu adalemba zonse. Adatha minga 312, ndipo pofika 4 koloko msana wake udali wosalala ngati dzungu, kupatula munga umodzi pafupi ndi mchira. Pakati pa ntchitoyo adalembanso kwawo kwa iye mwini, kwa Mphangaziwiri, ndi zilembo zokulirapo.

Phokoso litatha, Khoswe adaomba m'manja mwaulemu.

"Ndathokoza, ndaphunzira zambiri. Tisanalowe m'thumba, a Mlembi atiwerengereko lamulo lija, kuti ana anga adziwe chimene akulowera."

Nungu adabwerera pa tsamba la Lolemba, nawerenga.

"Aliyense wokhala ndi kwawo apite kwawo pofika Loweruka masana. Otsalawo ndiwo mbadwa, ndipo mzinda ndi wawo."

Adayang'ana masamba a Lachisanu, amene adali mulu. Adayang'ananso tsamba la Lolemba. 

"Tilisinthe," adatero a Meya.

"Lagona masiku anayi, bwana. Lauma. Olikhudza ndi mbadwa zokha."

"Mbadwa zilipo zingati?"

Nungu adayang'ana banja limene lidaima pafupi ndi thumba, nawerenga ndi chala.

"Khumi ndi zitatu, bwana."

Mayi Nkhanga adalumpha.

"Dikirani. Thumba limene anatulukamo Khoswe linachokera kwinakwake. Kumeneko ndiye kwawo. Nayenso apite."

"Mayi akunena zoona," adatero Khoswe. "Thumbalo ndinaliwerenga nditakula, lidakali kudepoti, analikoleka pachitseko. Linalembedwa kuti: Kwa a Mvuu, Meya, kuchokera kwa mayi awo, kwa Thamandalakuda. Ngati kwathu ndi kumeneko, ndiye kuti a Meya ndi achimwene anga. Achimwene, mawa tikhala mpando umodzi pa lole. Anawa akakhala kwa agogo awo. Ndipo malo aja a pafupi ndi mkuyu, kodi sitingakwanepo awiri?"

"Kwathu kulibe makoswe," adatero a Meya. "Sikunakhaleko khoswe, sikudzakhalako khoswe. A Nungu, lembani zimenezo, ndidinde."

Nungu adazula munga wotsiriza, nalemba, ndipo a Meya adadinda. Tebulo lidathyoka mwendo wachiwiri.

Loweruka, pa 18, kudacha timitambo tiwiri kum'mwera, koma sitidabweretse kanthu. Mwa nzika 96,399 zochoka, zonse zidasonkhana padepoti ndi akatundu awo, kupatula Kamba amene adali akadali m'njira. Malole adalipo, koma madalaivala adalinso pamndandanda wa ochoka, ndipo aliyense adati lole yake ikulowera kwawo kwa iye basi. Mpaka 11 koloko sipadayende tayala ndi limodzi lomwe.

A Meya adakhala pa thanki yawo yosambira, imene adaigubuduza kuchokera ku ofesi. Mayi Nkhanga adakhala pambali pawo.

"Mayi Khansala," adatero a Meya motsitsa, "thamanda lija linaphwa zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Mayi amasamba m'beseni."

Kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya khonsolo, mayi Nkhanga adalankhula motsitsa.

"Nkhokwe zija zilipodi zisanu ndi imodzi. Mapira ndi amene anatha."

Adanyamuka awiriwo, Nungu ali pambuyo atafunda chitenje, napita kukhonsolo. Adapeza banja lonse la Khoswe litakhala pampando wa Meya, malo n'kutsalabe. Adagwada pakhomo akuomba m'manja.

"Mukufuna chiyani, inu?" adafunsa Khoswe.

"Tabwera kudzapempha, bwana," adatero a Mvuu.

"Mwatsazika kale?"

"Ayi, bwana. Ndi nkhani yomweyo."

"Tikambirana kaye ife mbadwa."

Khoswe adatembenukira kwa mkazi wake, ndipo khonsolo ya mbadwa idakhala kwa mphindi ziwiri.

"Bambo a Nyenyeswa, musatalikitse. Amene amalandira matumba kuchokera kumudzi ndi omwewa. Akapita, depoti ikhala mbee. Mukufuna ana adye mpando?"

"Ndimafuna agwadeko pang'ono."

"Agwada. A Mvuu maondo awo si abwino."

Khoswe adakhosomola, naima pa mkono wa mpando.

"Lamulo sitilisintha, pakuti linalembedwa bwino. Nonse kwanu kulipo, ndipo muzikakuona pa Khirisimasi. Koma mbadwa ili ndi ufulu wolandira alendo, ndipo ife takulandirani nonse, pamodzi ndi alamu anu amene ali m'njira. Mwambo wa alendo mukuudziwa: mlendo sabwera chimanjamanja. Thumba lililonse lotsika padepoti, mwinimudzi azilawako. Ndiponso wotsika lole aliyense, asanaitane mlamu wake, akumbe kaye mapazi khumi a ngalande ya paipi. Mpandowu tengani, achimwene, ukutipweteka msana."

"Sindine achimwene ako," adatero a Mvuu.

"Zoona, zinalembedwa kuti kwanu kulibe makoswe, bwana. Ndimangoyesa."

Uthenga utafika kudepoti, achule adayambitsa nyimbo ija, chuni chomwecho ndi kuomba m'manja komweko, koma mawu adasintha. Wotsogolera ankafunsa gulu kumene lidachokera, ndipo povomera aliyense ankatchula mudzi wake, kotero kuti nyimboyo sidagwirizanepo ngakhale kamodzi. Pothera pake padalibe woloza kudepoti, chifukwa manja onse adali otanganidwa kumasula akatundu. Masana omwewo padafika malole atatu, ndipo adatsitsa alendo ena 212.

A Meya adasamba Lamulungu, pa 19, ndowa makumi anayi ndi imodzi. Mpopi wachiwiri udatsegulidwa pa 6 Novembala, ndipo mvula yoyamba idagwa pa 9. Kalembera wachisanu ndi chitatu adalemba motere: mbadwa 13, alendo 96,611. Kuyambira pamenepo, aliyense wopeza thumba lake litabooledwa pangodya amatukwana pang'ono, kenaka n'kulisoka, pakuti amadziwa kuti mwinimudzi wadutsa.

Nthano yathera pano, koma buku silitsekedwa opezekapo asanatchulidwe. Pa msonkhano umene udachitika pabwalo la khonsolo madzulo a Loweruka, pa 18 Okutobala, adalipo awa, monga adalembera Nungu ndi nthenga yopatsidwa ndi mayi Nkhanga, minga yake isanamerenso:

A Mvuu, Meya, a kwa Thamandalakuda, mfumu Mkonono; osasamba tsiku lachisanu ndi chimodzi.

Mayi Nkhanga, khansala, a kwa Mapirasatha. Nthenga imodzi yoperewera.

Nungu, mlembi, wa kwa Mphangaziwiri, atafunda chitenje.

Njiri, woyambitsa mzinda, wa kwa Gwadani, pamodzi ndi mlamu wake ndi mlamu wa mlamu wakeyo.

Fisi, dalaivala wa a Meya, wa kwa Fupalatsala. Adachenjezedwa kawiri chifukwa choseka.

Nyani, wa kwa Thanthwelotentha. Adagulitsa milu isanu msonkhano uli m'kati.

Chule wamkulu ndi kwaya yake, a kwa Matopeambiri.

Abakha awiri ochapa zovala, a midzi iwiri imene malire ake sadagwirizanebe.

Linthumbu, 40,000, lowerengedwa patali.

Kamba, wa kwa Tidzafika. Adalembedwa ngati wopezekapo, popeza adali asanatuluke pabwalo la khonsolo kuchokera pa mpikisano wa Lachinayi.

Amake Nyenyeswa ndi ana khumi ndi mmodzi.

Khoswe, bambo a Nyenyeswa. Pa mzere wolembapo kwawo mlembi adaimitsa nthenga kanthawi, naiviikanso mu inki, kenaka adalemba liwu limodzi: pano.